Drone yoyamba ya mpikisano: imangeni podziwa kuti idzagwa

Drone ya mpikisano si ija ya ojambula kanema, yomwe mukasiya rimoti imaima mlengalenga phee kudikira. Ijayo ili ndi GPS ndi tizida tina toigwira kuti isasunthe. Ya mpikisano ilibe zonsezo. Mukaipendeketsa kutsogolo n'kuchotsa zala pa rimoti, imapitirira chopendekeracho mpaka itakumana ndi mtengo kapena nthaka. Woulutsa amavala magalasi okhala ndi tisikirini m'kati, n'kumaona zimene kamera ya pamphuno pa droneyo ikuona, ndipo kaulutsidwe kotere ndi kamene amakatcha FPV. Drone wamba ya mapulopela a mainchesi 5 imadutsa makilomita 120 pa ola mosavutika. Mu 2017, ina yotchedwa RacerX, ya bungwe la Drone Racing League, inalembedwa ndi a Guinness World Records itathamanga makilomita 263 pa ola.

Pa liwiro lotere, munthu akulowetsa kandegeko pa mageti otambalala mamita 1.5 okha, kugwa si kwa apo ndi apo ayi. Akatswiri amene amagwa, ndiye wophunzira sitinena. Choncho amene akumanga yake yoyamba asadzivutitse ndi funso loti yothamanga kwambiri ndi iti. Funso lothandiza n'lakuti: ikathyoka masana, kodi ndidzatha kuikonza ndekha madzulo? Ubwino womanga nokha wagona pamenepo. Zomangidwa kale zilipo, ndipo nthawi zina zimatsika mtengo kuposa kugula zida chimodzichimodzi. Koma tsiku limene waya wa mota udzazuke, amene anawotcherera yekha adzadziwa pogwira, winayo adzangoti kakasi.

Rimoti poyamba, drone pambuyo

Chogula choyamba si felemu kapena mamota. Ndi rimoti. Yabwino mudzakhala nayo zaka, ma drone akuthyoka n'kumasinthidwa, ndipo mukailumikiza ku kompyuta pa USB imayendetsa simulator, pulogalamu yoyeserera kuuluka. Zodziwika ndi monga Liftoff, VelociDrone ndi Uncrashed, ndipo a mpikisano ambiri amakonda VelociDrone. M'menemo mukagwa mumangodina batani n'kuyambiranso, osataya pulopela ngakhale imodzi.

Pa kakonzedwe kofala kwambiri, kotchedwa Mode 2, kandodo kakumanzere mukakakankhira m'mwamba kapena m'munsi kamawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya mamota, mukakakankhira m'mbali kamatembenuza mphuno ya drone. Kakumanja kamaipendeketsa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Tsono pali kaulutsidwe kawiri. Mu angle, drone imadziwongola yokha mukasiya kandodo, ndipo siilola kupendekera kupitirira malire ena. Mu acro, kandodo sikauza drone kuti ipendekere pati, kamaiuza kuti izungulire mwachangu bwanji. Mukakasiya, drone imaleka kuzungulira koma imakhalabe mmene yapendekeramo, ndipo kuiwongola ndi ntchito yanu. Mipikisano imaulutsidwa mu acro. Ine ndimati yambirani acro yomweyo pa simulator, ngakhale maola oyamba mudzaone ngati zala zakukanani. Amene wazolowera angle amadzavutika kawiri, chifukwa zala zake zimayenera kuyamba zaiwala zimene zinaphunzira. Mwakonzeka kugwira yeniyeni pamene mukutha kuzungulira bwalo, kulowa pa geti imene mwafuna, ndi kutera pamalo amene mwasankha, osati pamene drone yasankha.

Rimoti ndi karisiva ka pa drone, kolandira malamulo a rimotiyo, ziyenera kulankhula chinenero chimodzi. Masiku ano ambiri ali pa ExpressLRS, kawirikawiri ya 2.4 GHz. Imafika patali, siichedwa, ndipo tirisiva take n'tating'ono ndi totchipa. Mukagula rimoti ya ExpressLRS, monga za RadioMaster, risiva ikhalenso ya ExpressLRS ya mafunde omwewo. Ya 2.4 GHz siingamvane ndi ya 900 MHz.

Ena amalangiza kuyamba ndi tiwhoop, tima drone ta mamilimita 65 kapena 75 totchinga mapulopela, touluka m'nyumba. Pophunzirira kuuluka n'tabwino kwabasi, ndipo sitivulaza munthu. Koma pophunzirira kumanga ayi, chifukwa powotcherera pake m'pang'ono moti ngakhale ozolowera amafinya maso. Ya mainchesi 5 ndi imene ili ndi malo okwanira zala za wophunzira, ndiponso zida zake zosinthira n'zosasowa.

Njira ziwiri zimene muyenera kuzisunga m'mutu

Drone ili ndi mamota 4. Awiri oyang'anizana mopingasa amazungulira mbali imodzi, awiri enawo mbali ina, kuti mphamvu yopotokola ya awa ifafanize ya awo. Kuti ipite kutsogolo, mamota akumbuyo amathamanga kuposa akutsogolo, matako n'kukwera, mphuno n'kutsika, ndipo mphepo imene imakankhidwira pansi imayamba kukankhidwiranso kumbuyo. Kuti itembenuke, awiri ozungulira mbali imodzi amawonjezera liwiro, anzawo n'kuchepetsa. Palibe munthu angayendetse mamota 4 ndi zala zake mwachangu chotere. Ntchitoyi imagwiridwa ndi kabolodi kotchedwa flight controller, mwachidule FC. Kali ndi kachida kotchedwa gyro komva mmene drone ikuzungulirira, ndipo kamayerekeza zimenezo ndi zimene zala zanu zapempha, maulendo masauzande pa sekondi imodzi, n'kuuza mota iliyonse choti ichite. Koma FC siyendetsa mota mwachindunji. Pakati pali ESC, imene imatenga magetsi a batire n'kumawapereka ku mawaya 3 a mota mosinthanasinthana kuti izungulire.

Njira yoyamba ndi imeneyo: zala, rimoti, risiva, FC, ESC, mota. Yachiwiri imabwerera kwa inu: kamera imapereka chithunzi, FC imalembapo manambala monga a mphamvu ya batire, kachida koulutsa kanema kotchedwa VTX kamachiulutsa, magalasi n'kuchilandira. Njirazi n'zosiyana kotheratu. Kanema angathe kuzima rimoti ikugwirabe, ndipo rimoti ingathe kuduka kanema ali bwinobwino. Chikavuta china, mumafunsa kuti vuto lili m'njira iti, kenako mumatsata chimodzichimodzi mpaka mutapeza pamene paduka. Ntchito yambiri yokonza drone ndi imeneyi basi.

Zida, ndi manambala ake

Felemu imakhala ya carbon fibre, ndipo ya mainchesi 5 imatalika pafupifupi mamilimita 220 kuchoka pa mota ina kufika pa yoyang'anizana nayo mopingasa. Sankhani ya mikono yochotseka umodziumodzi, yochindikala mamilimita 5 kapena kuposa, ndipo musanagule onetsetsani kuti mikono yosinthira imagulitsidwa payokha. Felemu yopepuka kwambiri ya akatswiri isakukopeni. Magalamu 20 amene mwapulumutsa simudzawamva m'zala, koma m'kati mwake mopanikizana mudzamumva pomanga. Dziwaninso kuti carbon imadutsa magetsi. Waya wosupuka ukakhudza felemu, ndi shoti imeneyo.

Pa mota pamalembedwa manambala awiri. Loyamba, monga 2207 kapena 2306, limanena kukula kwa chitsulo cham'kati chokulungidwa mawaya a kopa: 2207 ndiye kuti mamilimita 22 m'lifupi, 7 msinkhu. Lachiwiri ndi KV, ndipo apa ndi pamene ambiri amaotchera ndalama. KV imanena maulendo amene mota yopanda pulopela imazungulira pa mphindi pa voliti iliyonse. Choncho siisankhidwa payokha, imatsatira batire. Mabatire ake ndi a LiPo, omangidwa ndi maselo olumikizidwa mondondozana. Selo iliyonse ikadzadza imakhala 4.2 V, ndiye batire ya 4S, ya maselo 4, imafika 16.8 V, pamene ya 6S imafika 25.2 V. Tawerengani: mota ya 2600 KV pa 4S ikupereka 43,680, ya 1750 KV pa 6S ikupereka 44,100. N'zofanana ndithu. Koma mukaika ya 2600 KV ija pa 6S, nambala ikudumphira pa 65,520, ndipo ikanyamula pulopela imakoka magetsi oti mota kapena ESC ipse. Ambiri masiku ano ali pa 6S, chifukwa pa ntchito yofanana imakoka magetsi ochepa ndipo mphamvu yake siigwa msanga mukaponda. Kaya 4S kaya 6S, zonse zimauluka. Chachikulu n'chakuti musankhe imodzi musanagule kanthu, kenako mota, ESC, FC, VTX ndi chaja zonse zikhale zovomera mphamvuyo. Batire yofala pa 6S ndi ya 1000 mpaka 1300 mAh, pa 4S ya 1300 mpaka 1500 mAh, ndipo imakupatsani mphindi 3 kapena 4 zokha. Inde, zokhazo. N'chifukwa chake oulutsa amayenda ndi chikwama cha mabatire.

Mamota gulani 5, osati 4. Mapulopela gulani ambirimbiri. Pa pulopela yolembedwa 5143, manambala awiri oyamba akunena kukula kwa mainchesi 5.1, otsalawo akunena kupendekera kwa masamba ake. Yopendekera pang'ono imafatsa, ndipo ndi yoyenera poyambira.

FC ndi ESC muzigule pamodzi, za kampani imodzi, zimene amazigulitsa zosanjikiza kale. Chifukwa chake n'chakuti kachingwe kolumikiza ziwirizi sikasanjidwa mofanana m'makampani onse. Pulagi ingathe kulowa bwinobwino pamene waya wa magetsi a batire wagwera pa phini ya uthenga, FC n'kufa nthawi yomweyo. ESC ikhale ya mamota onse 4 pa bolodi limodzi, ya 45 A mpaka 60 A. Mabowo omangira amatalikirana mamilimita 30.5 kapena 20, ndiye onani kuti felemu yanu ikulandira ati. Kwa wophunzira a 30.5 ndi abwino, powotcherera pake m'potakasuka.

Nkhani ya kanema ndi imene imavuta kusankha, chifukwa magalasi ndi amene amadya ndalama zambiri ndipo amakumangirirani kumbali imodzi. Analogi, ya pa 5.8 GHz, ndi yakale, yotchipa, yopepuka, ndipo chithunzi chake sichichedwa. Sichooneka bwino kwenikweni, koma chili ndi khalidwe limodzi labwino: mafunde akamafooka chimayamba kuchita mchenga pang'onopang'ono, inu n'kudziwa kuti ndi nthawi yobwerera. Za digito zinafala kuyambira 2019 pamene DJI inatulutsa yake, ndipo pano palinso HDZero ndi Walksnail. Chithunzi chake n'choyera, koma VTX ya kampani ina siilankhula ndi magalasi a ina. Pa mipikisano mumapezeka kwambiri analogi ndi HDZero. Ngati pali gulu limene mudzaulutse nalo, funsani kaye zimene amagwiritsa ntchito. Ngati palibe, analogi siingakutayeni, ndipo kamera yake ikasweka pa geti mtima sukupwetekani kwambiri. Maeriyo alipo ozungulira kumanja, olembedwa RHCP, ndi akumanzere, LHCP. Wa pa drone ndi wa pa magalasi akhale amtundu umodzi. Ndipo VTX isayatsidwe yopanda eriyo ngakhale kwa kanthawi, chifukwa mphamvu yosowa kotulukira imabwerera n'kuiotcha.

Kuwotcherera

Apa ndi pamene drone imakhalira yabwino kapena yovuta, ndipo ndi pamene ambiri amaumira ndalama atamwaza pa mamota. Pafunika chowotcherera chotheka kusintha kutentha, chokhala ndi nsonga yophwatalala, osati yosongoka ngati singano. Nsonga yosongoka siisunga kutentha, ndiye mumakhalitsa pa bolodi mpaka kukanganula kopa. Pafunikanso mtovu wabwino wowotcherera, ndi flux, mankhwala othandiza mtovu kumata bwino. Mtovu wa 63/37 umasungunuka pa madigiri 183 ndipo ndi wosavuta kwa wophunzira, bola muziwotcherera podutsa mphepo ndi kusamba m'manja mukamaliza. Pa timawaya tating'ono madigiri 350 akwana. Pa mawaya akuluakulu a batire kwezani kufika cha m'ma 400, chifukwa kopa wochindikala wa pa ESC amayamwa kutentha msanga.

Kachitidwe kake n'kamodzi paliponse. Pakani flux pa padi, kamalo ka kopa kowotchererapo, n'kusungunulirapo mtovu mpaka pakutike. Sendani waya pang'ono pokha, muupote, muumwetsenso mtovu. Kenako ikani waya pa padi, tsindikani ndi chowotcherera mpaka mtovu wa mbali zonse usungunuke n'kukhala umodzi, chotsani chowotcherera, waya osaugwedeza mpaka pauma. Powotcherera bwino pamasalala ndi kunyezimira. Pamene pachita chibulunga chotuwa chongokhala pamwamba, dziwani kuti sipanagwire, ndipo padzazuka tsiku logwa kapenanso mlengalenga. Musaphunzirire pa ESC yanu yatsopano. Timabolodi toyeserera timagulitsidwa, kapena pezani bolodi la chida chakufa muyambe mwaliwononga.

Musanadule waya uliwonse, sanjani zonse pa felemu osamanga, muone kuti chilichonse chikhala pati. Mawaya a mota adutse pamwamba pa mkono, atalike mongokwanira, ndipo muwamange ndi tepi kuti pulopela isawadule. Mawaya 3 a mota alibe dongosolo loti uwu upite apa. Awotcherereni mmene agwera, chifukwa mota ikazungulira mosemphana mudzaitembenuza pa kompyuta. Koma timabawuti tomangira mota tiyeseni kutalika. Totalika kwambiri timaboola n'kukakhudza mawaya a kopa m'kati mwa mota, ndipo poti felemu imadutsa magetsi, mota imatentha kapena ESC imapsa popanda chooneka chalakwika. Vutoli ndi lobisika moti munthu angathe kusintha ESC kawiri asanalitulukire.

Mawaya a batire, ofiira ndi akuda, opita ku pulagi ya XT60, ndi amene salola kulakwitsa. Mukawasemphanitsa zonse zimapsa m'kuphethira kwa diso. Pomwepo pamawotchereredwanso kapasita, kawirikawiri ya 1000 µF ya 35 V kapena kuposa, ndipo nayo ili ndi mwendo wa + ndi wa -. Ena amaisiya poti ikuwapanikiza malo. Musatero. Mamota akamasintha liwiro mwadzidzidzi amabweza magetsi odumpha, ndipo kapasita ndi imene imawameza asanafike ku FC ndi kamera. Popanda iyo kanema amachita mizere, gyro imasokonezeka, ndipo nthawi zina ESC imafa.

Risiva ili ndi mawaya 4: 5V, GND, TX ndi RX. Chosokoneza n'chakuti TX ya risiva imapita ku RX ya FC, ndipo RX ya risiva ku TX ya FC, chifukwa pakamwa pa chimodzi payenera kulunjika khutu la chinzake. Ziwirizo zikhale za nambala imodzi, monga TX2 ndi RX2, ndipo nambalayo ilembeni poti mudzaifuna.

Mukamaliza musathamangire kulumikiza batire. Tengani mita yoyezera magetsi, muiike poti izilira mawaya akakhudzana, mugwire mbali ziwiri za XT60. Ikalira kamodzi n'kusiya ndi kapasita ikudzadza, palibe vuto. Ikalira osaleka pali shoti, ifufuzeni. Yang'anani bolodi lonse ndi galasi lokulitsa, mufune timadontho ta mtovu ndi tiulusi ta waya tolumikiza mapadi oyandikana. Ulendo woyamba lumikizani batire kudzera pa smoke stopper, kachida kotchipa kodula magetsi akangochuluka. Kugula kameneka sikufuna kuganiza kawiri.

Pa kompyuta, mapulopela ali m'thumba

Pulogalamu ya mu FC imene pafupifupi onse a mpikisano amagwiritsa ntchito ndi Betaflight, yaulere, yomwe inaphuka kuchokera ku Cleanflight mu 2015. Mumalumikiza FC ku kompyuta pa USB n'kuikonzera mu pulogalamu yake. Ikakana kulumikizika, yambani mwakayikira chingwe, chifukwa zingwe zina n'zongotchajira.

Nthawi yonse imene drone ili patebulo, mapulopela akhale ochotsa. Mota ingathe kudzuka chifukwa cha kudina kumodzi kolakwika, ndipo pulopela ya mainchesi 5 imang'amba chala mpaka kukasokedwa.

Zoti muone ndi zowerengeka, koma chilichonse chili ndi chifukwa. Pa tsamba loyamba pali kachithunzi ka drone. Mukaweramitsa mphuno ya yeniyeni, nako kaweramitse mphuno. Kakachita zina ndiye kuti FC yamangidwa moyang'ana kwina ndipo muyenera kuuza pulogalamuyo. Kenako yatsani risiva pa nambala munalemba ija, musankhe CRSF, chinenero chimene risiva ya ExpressLRS imalankhulira ndi FC, mugwedeze tindodo muone ngati mizere ikuyenda moyenera, kuchoka cha pa 1000 kufika cha pa 2000, pakati pali 1500. Sankhani switchi imodzi pa rimoti yodzutsira ndi kuzimitsira mamota, ndipo chala chanu chiizolowere mpaka chizifikapo chokha. Pa tsamba la mamota, zungulitsani imodziimodzi pang'onopang'ono. Mu Betaflight mota 1 ndi yakumbuyo kumanja, 2 yakutsogolo kumanja, 3 yakumbuyo kumanzere, 4 yakutsogolo kumanzere, ndipo chithunzi cha pa tsambalo chimasonyeza mbali imene iliyonse iyenera kuzungulirira. Pomaliza yesani failsafe, chitetezo cha pamene rimoti yaduka: dzutsani mamota, zimitsani rimoti, muone kuti aima patangopita kanthawi. Drone imene siizima rimoti ikaduka imapita kumene yafuna ndi mapulopela akuzungulira, ndipo kumeneko kungakhale kuli anthu.

Drone yatsopano ikangotembenuzika pomwe mwati inyamuke, musaganize za PID, manambala a mu Betaflight ouza FC mphamvu yowongolera drone. Pafupifupi nthawi zonse ndi chimodzi mwa zinthu 4: FC yoyang'ana kolakwika, mamota osemphana manambala, mota yozungulira mobwerera, kapena pulopela yoikidwa pa mota yosayenera kapena chadodolido. FC imati ikuwongola, koma lamulo lake likupita kolakwika, ndiye imawonjezera, n'kuwonjezeranso, mpaka drone gubudu. Za PID ndi zosefera phokoso la gyro zisiyeni mmene zinabwerera. Pa drone wamba ya mainchesi 5 zimauluka bwino kuposa mmene zala zanu zingazindikirire chaka choyamba. Chimene mungasinthe ndi kamera: ipendekere m'mwamba madigiri 15 kapena 20 okha. Akatswiri amafika 45 ndi kupitirira chifukwa amauluka ataweramitsa mphuno kwambiri, ndipo mukawatsanzira mudzapeza kuti kuti muone kutsogolo muyenera kuthamanga liwiro limene simungalikwanitse.

Batire

Pa zida zonsezi, choopsa kwenikweni ndi batire, ndipo kuopsa kwake kumachitikira kunyumba. LiPo yoboola, yophwanyika kapena yotchajidwa mopitirira imayaka moto wovuta kuzimitsa. Itchajeni ndi chaja ya LiPo yoyang'ana selo iliyonse payokha, pulagi yaying'ono ya mawaya ambiri ya pa batirepo italumikizidwa, ndipo selo isapitirire 4.2 V. Liwiro lotetezeka ndi limene amati 1C: batire ya 1300 mAh pa 1.3 A. Ikamatchajidwa muiyese kandulo yoyaka, musaisiye yokha m'chipinda kapena kugona ikutchajidwabe, ndipo ikhale pa simenti kapena m'chitini, kutali ndi nsalu ndi mapepala. Pouluka, terani manambala a m'magalasi akamasonyeza cha pa 3.5 V pa selo. Ngati simuuluka masiku angapo, isungeni pa 3.8 V pa selo, poti yosungidwa yodzadza imatupa ndi kufooka. Yotupa kapena yobonyoka pogwa yatha ntchito, ngakhale ikuoneka kuti ikugwirabe.

Kubwalo

Ulendo woyamba ukhale pa bwalo lalikulu la udzu, lopanda anthu, ziweto, misewu ndi mawaya a magetsi. Imani kumbuyo kwa drone mamita angapo, magalasi osavala, muinyamule pang'ono pokha kwa masekondi 20 kapena 30, muitsitse, mugwire mamota. Ofunda palibe kanthu. Otentha moti chala sichingakhalepo akunena kuti china chalakwika, ndipo timabawuti tija ndi toyamba kutikayikira. Zikakhala bwino, khalani pansi, valani magalasi. Kukhala pansi n'kofunika chifukwa ambiri amachita chizungulire masiku oyamba.

Mukagwa, zimitsani mamota nthawi yomweyo. Mota yokanirira mu udzu imene ikulandirabe magetsi imaotcha ESC m'masekondi ochepa. Mukaitola chotsani batire, muone mapulopela, mugwedeze mkono uliwonse, muzungulitse mota iliyonse ndi chala. Yolira mchenga ili ndi dothi kapena tizitsulo tomata ku maginito, yopepeluka yapindika. Onaninso kuti eriyo ya VTX ikadalipo musanalumikizenso batire.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ndi udindo wanu kufunsa ku bungwe loona za ndege ndi loona za mafunde a wailesi kwanuko. Ku United States ndi ku European Union malire a kutalika ndi pafupifupi mamita 120, ndipo magalamu 250 ndi pamene malamulo ambiri amayambira kulimba. Drone ya mainchesi 5 ndi batire yake imaposa pamenepo kutali. M'maiko ambiri wovala magalasi amafunika kukhala ndi mnzake woyang'ana drone ndi maso. Mphamvu ya VTX nayo ili ndi malire: mbali yaikulu ya ku Ulaya ndi 25 mW kwa wopanda chilolezo, pamene ku United States ma VTX ambiri a analogi amafuna chilolezo cha amateur radio. Pafupi ndi bwalo la ndege musayerekeze n'komwe.

Masewerawa si akale. MultiGP, bungwe lolumikiza magulu a mipikisano, linayamba mu 2015. Chaka chotsatira Luke Bannister wa ku Britain, ali ndi zaka 15, anapambana World Drone Prix ku Dubai, mphoto yake madola 250,000, ndipo mu 2018 mpikisano woyamba wa dziko lonse wa bungwe la FAI, loona za masewera a mlengalenga, ku Shenzhen anapambana Rudi Browning wa ku Australia, nayenso wa zaka 15. Akuluakulu musakhumudwe mwana akakudutsani pa geti, ndi mmene zilili. Pa mpikisano wanu woyamba kuthamanga si kufika: oyamba kumene ambiri amagwa asanamalize, ndiye amene akuzungulira modekha osagunda geti amapezeka ali patsogolo pa anzake othamanga.

Chimene anzanu sadzakukhululukirani msanga ndi cha kanema. Pa analogi oulutsa amagawana matchanelo, kawirikawiri a gulu lotchedwa Raceband, lomwe lili ndi matchanelo 8 kuyambira 5658 mpaka 5917 MHz, ndipo aliyense amaika VTX yake pa 25 mW. Mukalumikiza batire yanu pambali anzanu ali mlengalenga, VTX yanu, poti ili pafupi ndi magalasi awo kuposa ma drone awo, imaphimba chithunzi cha amene ali pa tchanelo chanu kapena choyandikana nacho. Iye amachita khungu ali pa liwiro, drone yake n'kukagwera kumene sakudziwa. Choncho musanapite phunzirani kusintha tchanelo ndi mphamvu ya VTX yanu mwachangu, dziwani mmene pit mode, yotsitsiratu mphamvu ya VTX, imayatsidwira, ndipo mukafika funsani woyendetsa mpikisano kuti tchanelo chanu ndi chiti. Batire muilumikize pokhapokha onse atatera kapena iye atakuuzani.